Tsiku Limene Ndinavala Nyanja ku Nkope

Sekani, Che Bwanali, sekani ndithu, mano awiri amene anakutsalirani aja awothere dzuwa. Nanunso anyamata a kabaza, imikani njinga zanuzo, okwera sathawa. Amene akuti ndikunama aimirire ndimuone nkhope, atiuze kuti tsikulo iye anali kuti. Ine ndinaliko. Walahi, zimene ndinene pano ndinaziona ndi maso angawa, zina ndinazimva ndi khungu lomwe. Inu munabadwira pa Mangochi pano, mwakalambira pomwe pano, ulendo wanu wautali ndi wa ku Chiponde kokagula matayala a njinga, ndiye mungandiuze chiyani za madzi? Ine unyamata wanga wonse unathera padoko la ku Durban, kukweza ndi kutsitsa katundu m'sitima zazitali ngati mapiri, pa nyanja yamchere imene funde lake likabwera limayamba lagogoda pakhomo.

Mliri wa korona uja utatha, pamene tinavula timasiki tija n'kuzindikira kuti munthu amene takhala tikumupatsa moni wa chigongono nthawi yonseyi ndi mlamu wathu yemwe amene tinayambana naye, mwana wanga Yusufu anatulukira kuchokera ku Lilongwe ndi mkazi wake ndi ana, galimoto yodzaza ngati akusamuka. Atakhala pakhonde anati, "Bambo, mwavutika nokhanokha. Mawa tipite kunyanja tonse, mukapumeko."

Ndikapumeko! Ine amene ndinaphunzira kusambira ndisanaphunzire kuyenda, andikweze galimoto kukandionetsa madzi. Ana a m'tauni ndi anzeru kwabasi, abale anga.

Koma nkhani yeniyeni ndinadzimvera ndekha. Nyumba yanga ilibe siling'i, mawu amangodumpha khoma. Yusufu ankauza mkazi wake kuti kachipinda wakonza kale ku Lilongwe, kuseri kwa nyumba, moyandikana ndi khola la galu, ndipo mawa andiyang'anitsitse: ndikapunthwa, ndikatsokomola, ndikasokoneza mayina a adzukulu, basi, Lamulungu akundinyamula. Mukumva? Ulendo wokapuma uja unali mayeso. Ine mayeso ndinalemba kusekondale, ndipo ndinakhoza Yusufu asanalotedwe n'komwe. Ndipite ku Lilongwe kukatani? Mkazi wanga, Abiti Jafali, amene anandidikira zaka zonse ndili ku Joni, anandisiya mliri womwewu uli pakati. Wagona kumanda a kuseri kwa mzikiti uko, ndipo Lachisanu lililonse ndikatuluka m'swala ndimapita kukamuuza amene wakwatira, amene wathawidwa ndi amene wagula njinga yamoto asanafolere nyumba. Ku Lilongwe ndizikauza ndani? Galu?

Ndiye ndinati ndiwaonetsa. M'mawa ndinatsitsa sutikesi yanga ya ku Joni n'kutulutsa kabudula wosambirira amene ndinagula ku Durban tsitsi ndili nalo lonse, wabuluu, wofika m'maondo, wa mizere yoyera m'mbali. Malemu ankandiletsa kumuvala, ankati ndimaoneka ngati tambala wososoledwa. Chimene sindinadziwe n'chakuti lasitiki nayenso amafa, ndipo ameneyu anali atafa kalekale m'sutikesimo popanda wolengeza maliro.

Mayeso anayambira m'galimoto. Tisanatuluke n'komwe m'boma, Yusufu akuti, "Bambo, kodi lero ndi lachingati?" ngati foni yake yaleka kuwerenga masiku. Ndinamuuza tsiku, ndinamuuza mwezi, ndinatchula adzukulu onse kuyambira Fatima wamkulu mpaka wa kumsana, n'kumukumbutsanso chaka chimene iye anasiya kukodza pamphasa. Anakweza wailesi.

Tinafika ku Nkope dzuwa lisanakwiye. Kupuma kwa anthu a m'tauni ndi ntchito yakalavulagaga. Anatsitsa mikeka, maambulera, mipando yopinda, mapoto a mpunga ndi nkhuku, chibokosi cha zoziziritsa kukhosi, mpira, matawulo okwana chipatala, ndiye tinapuma posenza zonsezi pamchenga mpaka thukuta kuyenderera kumsana. Ana asanalowe m'madzi, Yusufu anawapaka sanitaiza m'manja, kaya amateteza anawo, kaya amateteza nyanja. Asodzi amene ankasoka maukonde pamthunzi anasiya ntchito n'kumationerera, sinema yabwera yokha m'mudzi.

Tsono mudzi uliwonse wa m'mbali mwa nyanja uli ndi malo osambira amuna ndi malo osambira akazi, zimenezi ngakhale mbuzi za ku Nkope zimadziwa. Ine monga munthu woleredwa ndinayenda mpaka kumalo kwa amuna, kuseri kwa bango, ndinapachika malaya, buluku ndi chisoti pa mtengo wa mkuyu, ndinabwerera m'mbuyo pang'ono, n'kuliyatsa liwiro mchenga kumafuka ngati padutsa lole, kenako kudumpha mwa chi Durban, mutu patsogolo, manja ngati mkondo, osathovola ndi dontho limodzi lomwe. Ine ndinapita kutsogolo. Kabudula anatsala m'mbuyo. Potembenuka ndikuona kampango, osati tiakampango ta pamsika timene mumatinyadira inu, kampango wamkulu ngati chitseko cha golosale, ndevu zake ngati zingwe zomangira bwato, wafika, wamununkhiza kabudula uja, walowetsa mchira, wamukokera m'chiuno, wadziyang'ana uku ndi uku, n'kuuyamba ulendo wa kumwera. Anamukwana bwinobwino, Che Bwanali, kuposa mwini wake.

Ndinatulutsa mutu kuti ndithamangire zovala zanga. Ndikuona pansi pa mkuyu paja, ndendende pansi pa buluku langa, payalidwa mkeka, ndipo pamkekapo pakhala apongozi anga, mkazi wa Yusufu, atatambalala, ana atawazungulira. Akuti kumeneko n'kumene kunali mthunzi wabwino ndi netiweki. Za malo a amuna, kutauni saphunzitsa. Inu anyamata a masiku ano mumadyera mbale imodzi ndi apongozi anu n'kumajambulana nawo pafoni mutagundanitsa masaya, simungamve. Ine chikwatirireni Yusufu sindinawayang'anepo mayi amenewa pankhope, ndimawadziwa ndi mawu ndi mapazi basi, tikakumana panjira mmodzi amapatukira m'chinangwa. Ndiye lero andione mmene anandionera azamba? Kukuwa kuti "Yusufu, ndithandize!" kunali kudzidulira ndekha tikiti ya ku Lilongwe, pakuti nkhalamba yolephera kusunga kabudula ingasunge nyumba? Njira inali imodzi yokha: kumutsata kampango.

Ndinakoka mpweya kamodzi kokha, koma kukoka kwake, mwera umene unali utayamba kuwomba unalowa wonse m'chifuwa muno, nyanja inangoti zii ngati madzi a m'beseni, usipa woyanika pamathandala unanyamuka kudzandimata kumaso, nkhwazi ina inauluka chobwerera m'mbuyo mpaka pa chisa chake, ndipo mayi wina amene ankapeta mpunga kumtunda anangotsala ndi lichero lopanda kanthu m'manja. Ndiye ndinamira.

Pansi pa nyanja pali msewu, inu simudziwa, wosalala kuposa umene mumathyolerapo masipoko apa. Ndinauyamba wothamanga, ndikudutsa nkhafi zothyoka, mainjini a maboti, nsapato za mwendo umodziumodzi, mafoni a alendo ena akuitanabe, mpaka ndinapeza mbale ya chitsulo ya maluwa ofiira imene Abiti Jafali anaitaya akutsuka chaka chimene tinakwatirana, imene anandinamizira ine kuti ndinaibwereketsa kwa alongo anga. Ndinaima, ndinaitembenuza, ndinaibwezera pomwepo. Mlandu woti woimba wake anapita, umboni ungathandize chiyani?

Chimene chinandidabwitsa n'chakuti kunali chete, ngati m'boma masiku aja ankatiuza kuti tizikhala m'nyumba. Kenako ndikuona chambo chikubwera chitavala masiki. Walahi! Timasiki tonse tija munkataya m'ngalande, mvula n'kutikokolola, mumati tinapita kuti? Nsomba zinatola. Chambo chili ndi masiki, mcheni uli ndi masiki, kansomba kena kosauka kamanga kansanza, kena kavala pachibwano mphuno ili pamtunda ngati mmene munkachitira inu Che Bwanali, usipa umene timaudziwa kuti umayenda chigulu ukuyenda umodziumodzi motalikirana, nkhanu zikupatsana moni ndi zigongono. Kumeneko uthenga woti mliri unatha unali usanafike, nanga alipo wamkulu amene anamira kukalengeza?

Patsogolo ndinapeza mvuu itatseka msewu, ikuyeza aliyense kutentha kwa thupi pomunyambita pachipumi, ndipo pambali pake panali ng'ona yotalika kuchokera pano kukafika pachigayo paja, imene ntchito yake inali kumeza opezeka otentha. Ine ndinali wotentha, nanga si mkwiyo. Ng'ona inayasamula, m'kati mwake ndinaonamo mbuzi, ndowa ndi njinga ya kabaza ili ndi chishalo chomwe, ndiye ine ndinangoyandikira n'kutsokomola kamodzi osatseka pakamwa. Abale! Ng'ona inadzigwira kukamwa ndi manja onse awiri, inatembenuka, inathawa kutsika ndi Shire mpaka ku Malombe, ndipo ndikumva kuti mpaka lero ikadali m'mbindikiro. Mvuu inakomoka. Ndinakwera pamimba pake n'kulengeza kwa nsomba zonse kuti mliri unatha, vulani, sonkhanani, kwatiranani. Nthungululu zake! Usipa unakumbatirana n'kukhala chimulu chimodzi chachikulu ngati chulu, ndipo asodzi amene anadzaza mabwato sabata imeneyo mpaka lero sanabwere kudzandithokoza, ngakhale ndi kambale ka ndiwo.

Kampango uja ndinamuonera patali, mizere yoyera ija ikuphathima. Anathamanga, ndinathamanga, anakhota, ndinakhota, analowa m'Shire, ndinalowa, tinafika pansi pa mlatho wa pa boma pano, ndipo poyang'ana kumwamba ndinakuonani inuyo Che Bwanali mukukankha njinga yophwa tayala lakumbuyo, mukudzitukwana nokha. Kanani! Pansi pa mlatho pomwepo ndinamugwira ndevu, ndinamukwera pamsana, anandibweza nyanja yonse ngati bulu wamisala, kundimenyetsa m'matanthwe, kundilowetsa m'maukonde a eni ake, kundigudubuza m'matope, ine gwa, mpaka anatopa n'kukalowa m'phanga lakwawo ndili pamsana pomwepo. Ndinagwira kabudula m'chiuno kuti ndimuvule. Pamenepo nsomba ija inandiyang'ana misozi ili m'maso, ndipo musafunse, m'madzi misozi imaoneka, imakwera m'mwamba. Inaloza ndi ndevu pakona. Pakonapo panakhala kampango wamkazi wokalamba, atazolika. Apongozi ake.

Mukumva? Ndimuvule mwamuna mnzanga pamaso pa apongozi ake, ine amene ndinali m'moto womwewo? Ndinamusiyira. Ndinamumangira mfundo m'chiuno kuti asamugwe ngati mmene anandigwera ine, n'kumulangiza kuti asamamuchape pamwala.

Ndinabwerera ku Nkope wapansi, mpweya ukadali womwe uja, n'kutulutsa mutu ngati chule. Dzuwa lili paliwombo, azana ya masana ikumveka kumzikiti wa m'mudzi, apongozi ali pomwe paja, akusenda malalanje mosafulumira. Yusufu ndiye akuyendayenda pagombe atapinda buluku, manja m'mutu.

"Bambo! Tulukanitu, mpunga ukuzizira!"

"Idyani," ndinatero. "Ine ndikupuma. Si paja munati ndidzapume?"

Anapita kwa asodzi aja. Ndikuwaona akuloza kwa ine, akugwedeza mitu, ayamba kulongeza khoka m'bwato. Khoka, Che Bwanali! Andizinge, andikokere kumtunda ngati mlamba, mudzi wonse utagwira chingwe n'kumaimba, ndipo mwambo wake mukuudziwa, aliyense wogwira chingwe amalandirako gawo. Akanandigawana bwanji? Ndipo chotsalacho chikanakwera galimoto ya ku Lilongwe tsiku lomwelo, osadikira Lamulungu.

Pamenepo ndinakumbukira mmene malemu ankamangira nsalu yawo akamapita kumunda, mfundo yosamasuka ngakhale atathamangitsa mbuzi. Ndinadikira funde labwino, lotambasuka, losang'ambika, ndinaligwira m'mphepete ndi manja awiri, ndinalikutumula kuchotsa mchenga ndi nkhono, ndinalizunguliza m'chiuno, n'kulizungulizanso, nsonga yake n'kuisomeka pambali, ndipo linagwira. Madzi amavalika, kungoti anthu mantha. Ndinayamba kutuluka, nyanja n'kumanditsata m'mbuyo ngati mchira wa diresi la mkwatibwi, ndikaponda phazi ili madzi kutsidya akuphwa, ndikaponda linalo mabwato a ku Makanjira akhala pamchenga opalasa akupalasabe fumbi, amayi kuthamanga ndi mabeseni kukatola chambo ndi manja, mvuu ija kutsitsimuka ili pabwalo popanda chofunda, Shire kuyamba kuyenda chobwerera mpaka magetsi ku Blantyre kuthima, ndipo amene amapereka zifukwa zina za kuthima kwa magetsi tsiku limenelo sanandifunse ine.

Ndinadutsa pakati pa asodzi, khoka lili m'manja, kukamwa kuli yasa. Apongozi, poona kuti ndikubwera, anatembenuka n'kuyang'ana kumapiri, monga mwa ulemu. Ndinakhala pampando wopinda uja, ndinakonza nyanja pamaondo, ndinadya mpunga ndi ntchafu ya nkhuku n'kupemphanso wina, usipa ukundigirigisha m'miyendo koma ine osaseka. Yusufu anandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi.

"Bambo, muli bwino koma?"

"Iweyo ndiye ukuoneka wotopa," ndinatero. "Uzibwera kuno kawirikawiri, ndizikusamala."

Nditakhuta ndinatenga zovala zanga pamtengo, ndinalowa m'bango, ndinavala, ndinamasula nyanja n'kuiponyera kwawo. Inagwa mopendekeka pang'ono, n'chifukwa chake masiku ano mukuiona ikusuzumira m'makhonde mwa anthu mbali ino. Ndikapeza mpata ndidzapita kukaiwongola.

Pobwerera ana onse anali atagonerana, khungu litafiira ngati nkhanu zowotcha, atapuma mpaka kulephera kudzutsa mitu. Tikuyandikira boma, Yusufu anatsitsa wailesi n'kukonza pakhosi. "Bambo, pali kankhani kena kamene timafuna kuti tikambirane." Mtima wanga unagunda, umenewu ndiye sindibisa, unagunda mpaka galimoto inadumpha. Koma asanapitirize, mawu anachokera kumpando wakumbuyo, apongozi akulankhula ndi zenera, poti ine sangandilankhule maso ndi maso.

"Bambo a Fatima, asiyeni bambo kwawo. Munthu wokhala m'madzi kuyambira m'mawa mpaka masana osayetsemula n'komwe, inu mungathe? Inu mwangonyowetsa mapazi, chimfine chayamba kale. Kachipinda kaja tikaikemo chimanga."

Yusufu anati atsegule pakamwa kuti ayankhe, anayetsemula. Lamulungu ananyamuka okha, ine nditaima pakhonde langa n'kumawatsazika ndi manja onse awiri.

Tsono mukung'ung'udza chiyani, Che Bwanali? Nenani mokweza, anyamatawa amve. Mlongo wanu wogulitsa mandasi ku Nkope anaona zina? Akuti anaona nkhalamba itanyonyomala m'madzi ofika m'maondo theka la tsiku, mutu wokha uli pamwamba, milomo ikunjenjemera? Ndiye akuti anaona mayi wina akulowa m'madzi chafutambuyo, nkhope ili kumtunda, n'kugwetsa chitenje pamadzi ngati chamupulumuka, kenako n'kukusa ana onse kuti akagule nzimbe? Mlongo wanuyo akayezetse maso. Nkhalamba ku Nkope zilipo zambiri, zina zimanyonyomala mwa kufuna kwawo.

Chitenje cha maluwa achikasu chimene mwakhala mukuchisuzumira pachingwe kwathu chija si cha munthu. Ndi kachidutswa ka nyanja kamene kanatsalira m'chiuno, kanauma m'galimoto n'kusanduka nsalu. Chikanakhala cha munthu, bwenzi mwini wake atachiitanitsa. Apongozi amanditumizira moni sabata iliyonse kudzera mwa Yusufu, amafunsa za maondo, amafunsa za denga, za chitenje sanatchulepo, nanenso sinditchula. Amene akukayikabe tiyeni pompano, akachifinye yekha. Koma atenge beseni, usipa ungatayikire pansi.